Nsapato Zimene Agogo Anu Anakonza

Takondwa, tasiya kaye kupana nsapatoyo pachitseko. Ndikudziwa kuti ndi mmene mumachitira ovina inu, sindikukuletsa ayi, koma chitseko chimenecho n'chokalamba ngati ine ndemwe. Bwera ukhale apa. Nawenso Yankho, foniyo siithawa, iponye m'thumba. Chichewa mumachimva bwinobwino, musandinamize ndi nkhope zimenezo. Muziyankha m'Chingerezi chanucho ngati mukufuna, ine ndinazolowera kale.

Inu ana mumawadziwa amayi anu ngati bwana. Mumawaona akutuluka m'mawa ndi mulu wa makiyi, foni ili kukhutu, akuthamangira kusukulu yawo ya gule ku Indianapolis kuja. Anthu akamanena kuti ndiwo mkazi wakuda woyamba kuvina patsogolo m'gulu lalikulu la ovina balei lija, inu mumangoyasamula, poti mwazimva kambirimbiri. Chimene simudziwa n'chakuti panapita zaka zambiri amayi anuwo ndi malemu agogo anu aamuna akukhala ngati alendo. Ankalonjerana bwinobwino, ankadyera patebulo limodzi, koma pakati pawo panali chinthu, ndipo ine ndinkaopa kuti bamboyo adzatisiya chinthucho chisanachoke. Chinayambira pa nsapato zonga wagwirazo.

Ndiyambire kwa agogo anu. Anakula osavala nsapato kwathu ku Ntcheu, mapazi ali ming'alu yokhayokha. Peyala yoyamba anaiona atasankhidwa kupita kusekondale, ndipo ankandiuza kuti ulendo wonse wopita kokwerera basi anaikoleka m'khosi, n'kukaivalira pamsewu waukulu atapukuta mapazi ndi masamba. Kuchokera pamenepo nsapato ankazipatsa ulemu ngati munthu wamkulu. Ngakhale tsiku limene anadzandifunsira, maso awo anayambira kumapazi kwanga. Mwayi wake ndinali nditabwereka sofiya wa achemwali anga, nsapato zapulasitiki zija zinkaotcha dzuwa likakwera. Chikhala kuti sindinabwereke, kaya inu mukanabadwa.

Kuno ku South Bend anatsogola ndiwo, kudzaphunzira, ine n'kutsatira pambuyo ndi amayi anu, Tiya. Ndizimutchula Tiya, chifukwa nthawi imeneyo sanali amayi a munthu, anali kamwana kamiyendo ngati bango. Kuzizira agogo anu anakupirira, sinowo anaipirira, koma mchere umene amawaza m'misewu kuti sinowo isungunuke sanaukhululukire mpaka imfa. Ankati ndi dziko lanji lothira mchere pansi ngati ndiwo, n'kumadya nsapato za anthu osalakwa.

Ndiye Loweruka lililonse masana ankayala nyuzipepala pabalaza, n'kusonkhanitsa nsapato za m'nyumba monse, zawo, zanga, za Tiya, ngakhale za mlendo akatigonera. Ankazindandalika pamzere, kutulutsa kachitini ka polishi, burashi ndi kasanza kochokera ku vesiti yakale, n'kukhala pansi miyendo tambalale akuimba nyimbo za m'buku chapansipansi. Inu masiku ano nsapato ikada mumaiponya m'makina ochapira, ikang'ambika pang'ono mumataya. Komanso mumakumbatirana tsiku lonse, munthu kungopita kugolosale mpaka kuuzana kuti ndimakukonda. Ife sitinakule choncho. Agogo anu sanali munthu wokumbatira mwana kapena womuuza mawu okoma. Ukadzuka Lamlungu n'kupeza nsapato zako zili phuliphuli pakhomo la chipinda chako, unkadziwa kuti bambo alankhula.

Tiya anafika kuno Chingerezi osachidziwa, ndipo kusukulu anangoti pakamwa tseke. Miyezi inkapita mwana osatulutsa liwu m'kalasi. Mphunzitsi wake ndiye anatiuza za mayi wina wachizungu, Mayi Kowalski, amene ankaphunzitsa ana gule wa balei m'chipinda chapansi cha tchalitchi china m'tauni, ndipo anati kumeneko pakamwa sipafunika. Ine ndinali nditayamba ntchito yosamalira okalamba. Ndisakunamizeni kuti ndinaona patali, ndinkangofuna pomusiya mwana ndikakhala pashifiti.

Tsiku loyamba kuonerera ndinachita kudziluma lilime kuti ndisaseke. Gule wopanda ng'oma, wopanda wotsogolera nyimbo, chiuno chili gwa. Kwathu tikamavina chimtali timalimbana ndi nthaka mpaka fumbi kobo, koma awa ankavina ngati pansi pakuotcha. Kenako ndinayang'ana mwana wanga, amene ankayenda chowerama ngati wataya singano, ndipo ndinamuona khosi lili njo, maso ali kutsogolo. Kuseka kunandithera pomwepo.

Musaganize kuti agogo anu ankaletsa. Amayi ena akumpingo ankanong'onezana za tizovala tothina tija, iwo n'kungoyankha kuti mwana wawo akakhala kogule amadziwa kumene ali. Ankamuperekeza pa galimoto yathu yakale, imene hita yake yotenthetsa m'kati inkagwira ntchito ikafuna, ndipo ankadikira panja atafunda bulangete, akuwerenga mabuku awo a kusukulu. Ndiwo anapatsa Mayi Kowalski dzina loti aNakowa, ati mayi wolera mwana wawo sangakhale wopanda mfunda. Guleyo sankamumvetsa n'komwe, koma kuperekeza sanajombepo.

Atasinkhuka, Tiya analoledwa kuvala nsapato zoimira pansonga za zala. Takondwa izi ukuzidziwa, koma Yankho mvetsera, chifukwa iwe mutu wako ndi wa agogo ako. Nsapato zimenezi kunja zimakhala zansalu yoterera yapinki, zooneka zofewa ngati za chidole, koma kutsogolo kwake n'kolimba ngati chikho ndipo pansi pake n'powuma. Zikakhala zatsopano sizivinika. Wovina amayenera kuzizunza kaye, kuzipana pachitseko, kuziponda ndi chidendene, kuthyola msana wake pamalo pamene phazi lake limapindikira, kukala pansi pake ndi lumo kuti zisaterere, ndi kusokerera ulusi kunsonga. Nsapato ikafika pooneka ngati yotola kudzala, ndiye kuti yapsa tsopano, yalidziwa phazi la mwini wake. Zonsezi Tiya ankachitira kovinako, ndipo nsapatozo zinkakhala m'chikwama. Bambo ake ankangoziona patali.

Atatsala pang'ono kumaliza sekondale, gulu lalikulu la ovina la ku Indianapolis linaitana atsikana kuti lisankhepo oti liwaphunzitse. Mwayi umenewu unkabwera kamodzi pachaka. Tiya anatha milungu akukonzekera peyala imodzi, kuizunza pang'onopang'ono mpaka inafika pamene ankafuna. Mayesowo anali a Lamlungu. Loweruka m'mawa anavina komaliza, ndipo atabwerako anayanika nsapatozo pafupi ndi hita ya pabalaza kuti thukuta liume. Kenako ine ndi iye tinakwera basi kukagula mapini a tsitsi ndi masokosi aatali aja.

Zimene zinachitika tili kumeneko agogo anu anadzandifotokozera okha pambuyo pake. Atayala nyuzipepala, anaziona. Anazinyamula, n'kupeza misana yothyoka, pansi pokalikakalika, nsonga zodzaza ulusi ngati chigamba cha mbeta yaulesi. Anati mtima unawapweteka kwambiri. Anaganiza kuti mwana wakhala akuvinira nsanza osatiuza poopa kutivutitsa, ndipo mawa akaima pamaso pa azungu a ku Indianapolis ndi zinthu zoterezi, bambo ake ali moyo. Anathamanga kukagula guluu. Anadula lamba wawo wachikopa, uja ankavala kutchalitchi, n'kumatira m'kati kuti misana iwongoke. Pansi anamatapo kalabala kuti mwana asaterereke. Ulusi wa kunsonga anaumeta bwinobwino. Guluu atadetsa nsalu ija, anaona kuti pinkiyo wawonongeka kale, ndiye anatsegula kachitini kawo ka polishi wabulawuni.

Ife tikulowa tinapeza mzere wa nsapato monga mwa masiku onse, koma kumapeto kwake kuli tinthu tiwiri tabulawuni tonyezimira, maliboni ake atasitidwa. Agogo anu anali ataima pambali, manja kumbuyo, akuyesa kubisa kumwetulira. Nkhope imeneyo ndimaionabe, ana inu, ndipo imandipweteka kuposa zonse zimene zinatsatira.

Tiya ananyamula imodzi, n'kuyesa kuipinda. Inakana. Anayesa inzake. Kenako chinatuluka Chingerezi chosalekeza, misozi ili chuchuchu, mawu ali pamwamba, mwana amene chibadwire anali asanakwezepo mawu kwa bambo ake. Iwo anangoti kakasi, osamva ngakhale theka. Tiya ataona kuti sakumva, anapuma, n'kuzinena m'Chichewa, pang'onopang'ono.

"Adadi, musadzakhudzenso nsapato zanga. Mpaka kalekale."

"Chabwino, mama," anatero iwo.

Anagwada, n'kutseka kachitini kaja, n'kupinda nyuzipepala, ngakhale nsapato zanga zinali zisanapolishidwe.

Mawa lake Tiya anakavina ndi peyala yatsopano yosazunzidwa, imene Mayi Kowalski anatipezera. Anatuluka m'chipinda cha mayeso akutsimphina, masokosi ali magazi kuzala, ndipo sanamusankhe. Msewu wochokera ku Indianapolis kubwera kuno mumaudziwa, minda ya chimanga mbali zonse, wowongoka mpaka kugonetsa tulo. Tsiku limenelo unatalika kuposa ulendo wochokera ku Malawi. Tinaima pothira mafuta, bambo ake anamugulira chakumwa chimene ankachikonda, iye sanachitsegule. Anangochifumbata mpaka kufika kunyumba.

Chaka chotsatira anapitanso, ndipo anamutenga. Anakakhala ndi banja lina lachimalawi ku Speedway, kumene mwezi wa Meyi magalimoto ampikisano amalira tsiku lonse ngati njuchi zaputidwa. Ine ndinkamutumizira zitumbuwa ndi chigumu, iye n'kumagawira anzake, poti ovina amadya ngati timba. Anayambira mzere wa kumbuyo, kumene atsikana ambirimbiri amayenera kufanana ngati mazira a nkhuku imodzi, ndipo iye yekha ndiye sankafanana ndi wina. Ena ankamuuza mokoma kuti mwina akayese magule ena oyenerana ndi anthu ngati iye. Mwana wa agogo anu n'kumva zimenezo? Ankafika woyamba, n'kuchoka womaliza, mpaka anamusunthira kutsogolo pang'onopang'ono. Zimenezi n'zimene anthu amanena akamamupatsa ulemu m'misonkhano, ndipo n'zoona.

Koma kunyumba kuno zinthu sizinasunthe. Agogo anu anali munthu wosunga mawu mpaka kukwiyitsa. Tiya akabwera kutchuthi n'kuvula nsapato zake za kutchalitchi pakhomo, Loweruka iwo ankatola za wina aliyense n'kulambalala zakezo. Zikawatchinga ankandiitana kuti, "aNangozo, tasunthani izi." Iye ankadzuka Lamlungu n'kupeza pakhomo la chipinda chake palibe kanthu.

Kovina nakonso sankalowa. Ankandiyendetsa mpaka ku Indianapolis, atavala suti, kunditula pakhomo la holo, iwo n'kutsala m'galimoto kapena kumazungulira m'tauni kuonerera nyumba za boma. Ndikawakakamiza ankati akalowa amusokoneza mwana, anamuwonongera kale kamodzi, n'zokwanira. Tiya naye akasuzumira kuseri kwa katani n'kuona mpando wa pambali panga uli wopanda munthu, ankati bambo ake amachita naye manyazi, kapena sanamukhululukire chipongwe chija. Onse awiri ankalakwitsa, ndipo onse awiri ndinawauza, ndinakalipa mpaka kukhosi kuuma. Tsiku lina Tiya anaimba foni n'kupepesa mwaulemu wonse. Iwo anayankha kuti palibe mlandu, mama, wolakwa ndine. Ndiye mumathetsa bwanji nkhani ndi munthu amene akuti palibe nkhani? Anapitiriza kufunsana za nyengo ndi za matayala a galimoto, chaka ndi chaka, mpaka inu kubadwa.

Tsono pali china chokhudza nsapato zija. Pinki ameneyu anamusankha kalekale kuti afanane ndi khungu la azungu, kuti woonerera aziona ngati mwendo ukupitirira mpaka kunsonga osaduka. Pa Tiya, mwendo wakuda unkathera pakakolo, n'kuyamba kanthu kena kotuwa. Takondwa, iwe zakozo wangotsegula bokosi n'kuzipeza zabulawuni kale, ukuona ngati zinagwa kumwamba. Nthawi imeneyo kunalibe. Amayi ako anapita kwa mkulu wa gulu kukapempha kuti azivina miyendo ndi nsapato zili za khungu lawo. Anawakaniza, anapitanso, anawakanizanso, mpaka mkuluyo anatopa nawo n'kuvomera. Koma kuvomerako kunabala ntchito, chifukwa peyala iliyonse ankayenera kuipaka okha ndi mafuta aja akazi amadzola kumaso, fawundeshoni, pogwiritsa ntchito kasiponji. Ndipo wovina wamkulu nsapato amazitha ngati mandasi.

Tsiku lina ndinapita kukacheza kwawo, Yankho uli wakhanda, ndipo ndinamupeza Tiya atakhala pansi pabalaza, miyendo tambalale, atayala nyuzipepala, nsapato zili pamzere, zala zili bii. Ankadandaula kuti mtundu sukugwirizana, pansi pa magetsi a pasiteji nsapato zimaoneka zofiira ngati dothi la katondo. Ine phwete linandigwira. Ndinati taona, mwana wa bambo ake, mapeto ake ukuzipaka bulawuni yemwe uja. Iye sanaseke. Anayang'ana nyuzipepala ija, n'kupitiriza kupaka. Ndinadziwa kuti mawu alowa, koma m'banja limeneli mawu akalowa amakhalitsa asanatuluke.

Zimene zinafulumizitsa ndi matupi. Agogo anu anagwa kuntchito ndi vuto la mtima, anagonekedwa m'chipatala cha m'tauni muno, ndipo anatuluka atawonda, akuyenda mowerengera mapazi. Nayenso Tiya bondo linali litayamba kumuuza kuti basi. Anagwirizana ndi akuluakulu kuti avine komaliza nyengo imeneyo, kenako atenge udindo woyendetsa sukulu ya ana. Ine ndinkangoti Mulungu wanga, gule akutha, bambo akutha, ndipo munthuyu sanamuonepo mwana wake pasiteji ngakhale kamodzi. Ndinasiya kukalipa, ndinkangopemphera.

Loweruka lina masana tinamva galimoto panja. Sanatiuze kuti akubwera. Agogo anu anali atakhala kale panyuzipepala pawo, chifukwa ngakhale adokotala sakanawaletsa zimenezo. Tiya analowa ndi chikwama, n'kutilonjera. Kenako anagwada, ndi bondo lake lopwetekalo, anatulutsa peyala ya nsapato zovinira, yozunzidwa kale, yapinki, n'kuiika kumapeto kwa mzere.

Burashi inaima. Anaziyang'ana nsapatozo osazikhudza, manja ali pamaondo.

"Izi sindizidziwa, mama," anatero.

"Ndikuphunzitsani, adadi. Ine zikundikanika, kala yake sikumatcha ndi khungu langa. Inu muli ndi diso."

Anatulutsa timabotolo ta fawundeshoni tamitundu yosiyanasiyana ndi kasiponji. Anawafotokozera zonse zimene zikanafotokozedwa kale, chifukwa chake msana umathyoledwa, chifukwa chake pansi pamakalidwa, kuti polishi ayi, guluu ayi, ndipo nsapatoyo isawale ngakhale pang'ono. Apa agogo anu anadabwa kwambiri, anafunsa kawiri ngati amva bwino, kuti munthu agwire ntchito pa nsapato n'cholinga choti isawale. Iye anati inde, isaoneke n'komwe. Agogo anu anapukusa mutu, koma anandituma kasosala kakale kukhitchini, n'kuyamba kusakaniza.

Kuti aone ngati mtundu wagwirizana, anayenera kuyerekeza ndi khungu. Tiya anavula sokosi, n'kuika phazi lake pamwendo pa bambo ake. Ana inu, mapazi a amayi anu mumawaseka, ndakumvani. Zala zopiringizika, zikhadabo zakuda, mafupa otupa m'mbali, zipsera za matuza pamwamba pa zipsera zinzake. Agogo anu anali asanalione phazi limenelo chichokere paubwana, nthawi imene ankaliyeza ndi kachingwe popita kukamugulira nsapato za kusukulu. Analigwira ndi manja awiri, akulitembenuza, akusisita chala chilichonse ndi chala chawo chachikulu. Ine ndinakhala nawo m'banja zaka zonsezo, maliro a amayi awo tinamvera pafoni ali maso gwa, koma tsiku limenelo misozi inagwera panyuzipepala.

"Ndinavutika kuti mwana wanga asadzakhale ndi mapazi ngati anga," anatero. "Taonani tsopano."

"Awa ndinawasankha ndekha, adadi. Sakundimvetsa chisoni."

Ine ndinathawira kukhitchini, ndinaika ketulo pamoto ngakhale panalibe wopempha tiyi. Ndikubwerako ndinawapeza akukangana, bambo akuti pakufunika kakuda pang'ono, mwana akuti ayi, bambo akuti iwe sukuona chifukwa phazi ndi lako. Anapaka kadontho pakakolo pake, kuyang'ana pawindo, kupita naye pansi pa babu, kubwereranso pawindo. Ndinali ndisanawamve akukangana chichokere Loweruka lija, ndipo phokoso limenelo linandikomera ngati kwaya. Zithunzi zija mumaziona kuofesi kwa amayi anu, agogo anu atakhala pampando ana a sukulu atawandandalikira mapazi, aliyense akudikira kuti amusakanizire mtundu wake, zinayambira tsiku limeneli.

Gule wotsiriza anali wa Lamlungu masana. Tinanyamuka m'mawa, ine ndikuyendetsa chifukwa iwo anali ataletsedwa, ndipo njira yonse ankandiuza kuti ndikuthamanga. Titafika pakhomo la holo mtima wanga unali m'mwamba, ndinkadikira kumva kuti aNangozo lowani, ine nditsala. Anatsika, anakonza tayi, anapukuta nsonga za nsapato zawo kumbuyo kwa buluku, n'kundigwira mkono. Amalawi anzathu a ku Indianapolis anali atadzaza mizere iwiri, nawonso amayi akumpingo aja amene kale ankanong'onezana za tizovala ali momwemo ndi zitenje zawo zatsopano, ndipo ndinachita kuwachenjeza kuti nthungululu zidikire kumapeto.

Katani itatseguka, Tiya anatulukira yekha. Sindidziwa kufotokoza gule, ndipo sindiyesa. Ndinkangoona mwana wanga uja wosalankhula m'kalasi atagwira holo yonse, anthu ali zii, osatsokomola n'komwe. Nthawi ndi nthawi ndinkaba diso kuyang'ana bambo ake. Anali atatsamira kutsogolo, magalasi ali pamphuno, chibwano chili pandodo. Ena onse ankayang'ana nkhope ndi manja, iwo maso anali pansi, akutsatira mapazi kulikonse kumene apita. Sanagwedezeke mpaka nyimbo inatha.

Anthu anaimirira, m'manja muli wawawa, amayi athu anamasula nthungululu zawo mpaka azungu kutembenuka. Agogo anu anakhalabe pampando. Ndinachita mantha, ndinaganiza kuti ndi mtima uja. Ndinawerama n'kuwafunsa ngati ali bwino, ngati aona mmene mwana wavinira.

"aNangozo," anatero, "ndazifunafuna nsapato zija gule yense. Sindinazione."

Anavula magalasi, n'kuwapukuta ndi tayi, nkhope ili ngati ya tsiku lija anaima pabalaza manja kumbuyo, koma tsopano osabisa. Kenako anandipatsa ndodo yawo kuti ndiwagwirire, anadzuka okha pang'onopang'ono, n'kuyamba kuwomba m'manja anthu ena onse atatsala pang'ono kusiya. Tiya anawaona ali pasiteji pomwepo, chifukwa anali munthu yekhayo amene ankawombabe.